Mlandu wa Mapaketi a ku Katete

Ndikulemba izi chifukwa m'midzi yozungulira sukulu imene ndaphunzitsapo zaka zambiri, kufupi ndi Vubwi, muli ana amene akukula akukhulupirira kuti ine ndinaba katundu wa sukulu. Ndatsala pang'ono kupuma pantchito, ndipo sindikufuna kuchoka nkhaniyi ikadali ndi mbali imodzi yokha.

Sukulu yathu inalandira kompyuta yaikulu kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino. Cholinga chinali chakuti ikhale seva, ndiye kuti kompyuta yosunga maphunziro ndi mafunso a mayeso akale, kuti ophunzira aziwatsegula pa makompyuta ang'onoang'ono a m'chipinda chathu popanda intaneti. Kiyi wa chipindacho anaperekedwa kwa ine, popeza ndinachita maphunziro owonjezera a makompyuta ku koleji. Ndinamumangirira pa chingwe chimodzi ndi kiyi wa nyumba yanga.

Seva inayaka, koma masamba sanatseguke. M'malo mwa mafunso, pagalasi pankabwera mizere ya zizindikiro zosamveka. Masambawo analembedwa m'chilankhulo cha mapulogalamu chimene chimafuna womasulira, ndipo seva, posadziwana ndi womasulirayo, inkangotulutsa mawuwo mmene analembedwera. Panafunika kulumikiza ziwirizi. Njira zinalipo ziwiri: kumanga zonse wekha kuyambira pachiyambi, kapena kutenga zomangidwa kale ndi akatswiri, zimene m'ntchitoyi timazitcha mapaketi. Ndinasankha yachiwiri, monga akanachitira munthu aliyense wolemekeza nthawi ya ana.

Kwathuko foni imathawira ku netiweki ya ku Malawi kapena ya ku Mozambique, choncho ndinapita ku Katete, kumene kuli mng'ono wanga, kukakoka mapaketiwo pa intaneti. Ndinawaika m'kafulashi, kachipangizo kosungira zinthu za pakompyuta kosaposa chala changa. Nditabwerera, paketi imodzi inakana kulowa chifukwa inkafuna inzake imene ndinaisiya, ndipo ndinakwereranso galimoto pamsewu wafumbi uja. Ulendo wachiwiri zonse zinalowa. Ndinatsegula pulogalamu yolumikizira ziwiri zija, ndinazimitsa seva n'kuiyatsanso, ndipo tsamba loyamba linabwera loyera, mafunso a masamu atandandalikidwa bwino. Pambali panga panakhala mphunzitsi mnzanga wa masamu, bambo wa digiri amene anali atabwera chaka chomwecho. Iye ndi amene ankandiwerengera malamulo a pakompyuta pamene ine ndinkatayipa.

M'mawa mwake ndinanena m'chipinda cha aphunzitsi kuti mapaketi onse a ku Katete afika ndipo ndawaika kale. Unali mwezi wotentha, pamene makolo ankadikira mapaketi a feteleza ndi mbewu kumagulu awo a alimi, ndipo liwu lakuti paketi linali pakamwa pa aliyense. Komanso anthu anali atandiona ndikutsika galimoto ndi katoni pamutu. Munali sopo, mafuta ophikira ndi nsalu yosokera bulauzi ya Chigwirizano cha amayi a kutchalitchi, zonse zogula ndi malipiro anga.

Sindinadziwe kuti nkhani ya mapaketi yafalikira m'midzi mpaka mayi wina wogulitsa tomato pamsika atandiseka kuti, "Amadamu, tigawireniko paketi imodzi, ife ndife anu omwe." Lamlungu lotsatira, mayi amene ndakhala naye benchi imodzi kutchalitchi kwa zaka zonsezi anasuntha chikwama chake n'kuchiika mbali ina.

Komiti ya makolo inaitanitsa msonkhano, ndipo tinakumana masana m'chipinda cha makompyuta momwemo. Wapampando, mlimi wa thonje yemwenso ndi mkulu wa mpingo, anayamba mwaulemu. Anati sakundineneza, koma makolo amva kuti amene anapereka kompyuta atumizanso mapaketi, ndipo akungofuna kuwaona. Ndinatulutsa kafulashi n'kukaika patebulo. Ndinafotokoza kuti mapaketiwo ndi mapulogalamu, sagwirika ndi manja, ndipo sanatumizidwe ndi wina aliyense.

Msungichuma wa komiti anakanyamula, n'kukatembenuza uku ndi uku.

"Mapaketi onse aja alowa m'kachala aka? Ndiye chaka chino feteleza wanga ndinyamulira m'thumba la malaya."

Anthu anaseka. Ine ndinayatsa makompyuta n'kuwatsegulira masamba aja limodzi ndi limodzi. Wapampando anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Zolemba tikuziona, Amadamu. Nanga katoni ija?"

Makolowo sindiwasungira kanthu kukhosi. Ndi anthu amene anadikirapo matumba amene sanafike, ndipo anaphunzira kufunsa za chinthu chimene amva dzina lake koma osachiona. Mkwiyo wanga uli pa amene ankadziwa. Ndinatembenukira kwa mphunzitsi wa masamu uja.

"Aphunzitsi, munalipo pamene ndinkaika mapaketiwa. Afotokozereni makolowa."

Anakonza tayi yake, n'kuyankha modekha kuti, "Ine ndinaona za pakompyuta zokha, Amadamu. Za m'katoni sindingachitire umboni."

M'mawu amenewo munalibe bodza ngakhale limodzi, ndipo n'chifukwa chake sindinathe kuwatsutsa. Iye anali atanenapo kale, osati kamodzi, kuti chipinda ngati chimenechi chimayenera munthu wa digiri.

Ahedi, amene ndinawafotokozera ntchito yonse ndisanapite ku Katete ndipo anandipatsa okha chilolezo, anayang'ana pazenera. Pomaliza anati, pofuna mtendere pakati pa sukulu ndi makolo, kiyi asungidwe ndi munthu wina kwa kanthawi. Ndinavula chingwe m'khosi pamaso pa onse. Mfundo yake inali italimba, ndipo ndinalimbana nayo ndi zikhadabo mpaka inamasuka. Kiyi anapita kwa mphunzitsi wa masamu. Kanthawi kaja sikanathe mpaka lero.

Palibe chimene chinapezeka kuti chasowa, choncho sindinaimbidwe mlandu. Popeza sindinaimbidwe mlandu, palibenso amene anaimirira kunena kuti ndilibe mlandu. Seva ikugwirabe ntchito, ndipo alendo akabwera amaonetsedwa masamba aja ndi munthu amene ali ndi kiyi. Ine ndimadutsa pakhonde ndi mabuku anga, ndipo pamsika dzina lakuti Amadamu a Mapaketi linakhazikika, moti ana ang'ono amalitchula mwaulemu, poganiza kuti ndi dzina langa lenileni.

Kuti pasadzapezeke wonena kuti sanamve, amene analipo masana amenewo ndi awa: wapampando wa komiti ya makolo, amene anafunsa moona mtima, msungichuma, amene anaseketsa anthu, amayi awiri oimira makolo, mmodzi mwa iwo mnzanga wa pa benchi ya kutchalitchi, abusa a mpingo wathu, amene anatsegula ndi kutseka ndi pemphero ndipo pakati sanayankhule, adeputi, amene ankalemba zokambirana, ahedi, amene ankadziwa, mphunzitsi wa masamu, amene ankadziwa kuposa onse, ndi ine.