Masitepe a Banakulu Besa

Ba Saul Chabala ndi anansi anga ku Chelstone mu Lusaka, ndipo mpanda wolekanitsa mabwalo athu ndi waufupi, moti munthu ukaimirira umaona kuseri kwa nyumba yawo konse. Ndikupempha owerenga kuti asandiyese kazitape. Zimene ndinaona m'mwezi wa Juni chaka chatha zinandizunguza mutu kwa masabata atatu, ndipo ndaona kuti n'koyenera kuzilemba mwadongosolo.

Bambo ameneyu anachoka ku Mansa ali mnyamata, nagwira ntchito yolongedza katundu m'mabasi pa siteshoni ya Intercity kwa zaka makumi atatu. Anzawo pamenepo amawakumbukira ndi chinthu chimodzi, ndicho diso. Ankangoyang'ana thumba la nsomba za kapenta, njinga kapena firiji, n'kuloza malo amene chikalowe kunsi kwa basi, ndipo chinkalowadi. Atapuma pa ntchito anayamba kukonzakonza za pakhomo, akudalirabe diso lomwelo.

Kuseri kwa nyumba yawo nthaka ndi yotsetsereka. Pa chifukwa chimenechi mwini wake wakale anamangako khonde la matabwa, lokwera kufika m'chiuno, ndi masitepe anayi otsikira kudimba. Njira ina yopitira kudimbako palibe, popeza nyumbayo inagunda mpanda mbali zonse ziwiri. Chiswe chinadya khondelo mwakachetechete, n'kusiya utoto wokha pamwamba.

Apongozi awo a Ba Saul, amene aliyense amawatchula kuti Banakulu Besa, ndiko kuti agogo ake a Besa, mwana wa Ba Saul, anabwera kuchokera kumudzi kudzalandira mankhwala a mawondo. Chimene chinkawasangalatsa m'tauni muno chinali chimodzi: chinangwa chimene anabzala okha kudimbako pa ulendo wina wakale, chimene masamba ake ankasinja n'kuphika ndiwo yotchedwa katapa. M'mawa wina sitepe yachiwiri inathyoka iwo atapondapo. Fupa silinathyoke, koma kuyambira tsikulo sanatsikenso. Patapita masiku anauza mwana wawo Ba Winifred, mkazi wa Ba Saul, kuti iwo si nkhuku yosungidwa m'khola, ndipo mwana wawo wamwamuna Reuben abwere adzawatenge Loweruka lakumapeto kwa mwezi. Ba Winifred anadziwa kuti mayi awo akapita, mankhwala athera pomwepo, ndipo kumudziko akakhala okha.

Ba Saul anagumula khonde lonse. Anagula matabwa ku msika wa Buseko, nakumba maenje, nathira simenti, napaka mizati oyilo wakale wa injini kuti chiswe chisabwererenso. Zonsezi ndinazimvetsa. Chimene sindinachimvetse ndi chakuti, atatha kukhoma matabwa a pamwamba, m'mawa uliwonse ankawaza utuchi pakhonde ponse mosamala, kenaka n'kutuluka pageti.

Tsiku lachitatu ndinalephera kupirira.

"Ba Saul, mundikhululukire. Utuchi umenewo ndi mankhwala kodi?"

Anaseka mpaka kugwira mpanda. "Shani ba neba! Iyayi, si mankhwala. Nifuna kuona phazi ya apongozi."

Anandifotokozera motere. Kwawo mkamwini sayang'ana apongozi ake aakazi kumaso, sawakhudza, salankhula nawo mwachindunji, kufikira atachitiridwa mwambo womulandira m'nyumba. Mwambowo unalephereka pamene apongozi aamuna anamwalira, ndipo zaka makumi awiri ndi zinayi zinadutsa osaukumbukanso. Motero munthu amene moyo wake wonse anayeza zinthu ndi diso sakanatha kuyang'ana miyendo imene ankaimangira masitepe.

"Nanga Ba Winifred sangawayeze ndi tepi?" ndinafunsa.

"Anayesa. Anathamangitsiwa na ndodo. Akuti munthu wamoyo samuyeza, tepi ni ya opanga mabokosi ya malilo."

Ba Saul akatuluka, gogoyo ankabwera pakhonde kudzaothera dzuwa, ndipo mapazi ake ankatsala olembeka pa utuchi. Utali wa phazi unapezeka chomwecho. Kunatsala kudziwa msinkhu umene bondo lingakwere. Anagoneka thabwa limodzi patsogolo pa mpando wa apongoziwo ngati loiwalika, ndipo gogoyo anapondapo osadandaula. Mawa lake anasanja awiri, ndipo zinayendanso. Mkuja anasanja atatu, nabisala kuseri kwa thanki ya madzi.

Pamenepa ndiyenera kutchula pusi wa pakhomopo, chifukwa ndiye anali mkhalapakati. Banakulu Besa akafuna kuuza mkamwini wawo kanthu, ankauza pusiyo mokweza mawu. Ankalankhula Chibemba, koma ndilemba tanthauzo lake.

"Iwe pusi, kafunse mwini nyumba ngati akufuna kundikweza kumwamba nthawi isanakwane."

"Pusi," anayankha mawu kuseri kwa thanki, "ukawauze kuti namvela."

Msinkhu unadziwika: matabwa awiri. M'malo mwa masitepe anayi aatali, Ba Saul anamanga asanu ndi imodzi aafupi, iliyonse yokwanira phazi lija ndi zala ziwiri zapadera. Anamaliza Lachinayi masana. Kunena zoona inali ntchito yokongola, ndipo ine ndinawayamikira.

Gogoyo anafika m'mphepete mwa khonde, nayang'ana pansi kwa nthawi, natembenuka kulowa m'nyumba. Madzulo Ba Winifred atabwera kuchokera ku shopu yawo ya ku Kabwata, ndinamva akulankhula ndi amuna awo pakhomo la kukhitchini, akuitanana monga mwa kwawo kuti bashi Besa ndi bana Besa, ndiko kuti bambo ndi mayi a Besa.

"Bashi Besa, amai akuti masitepe yanu ni ya mbuzi."

"Ya mbuzi bwanji, bana Besa? Nayeza bwino bwino!"

"Ine nangopeleka uthenga. Ayamba kulonga chola."

Lachisanu m'mawa Ba Saul anawazanso utuchi, natuluka, nabwerera nthawi ya teni. Ndinawaona atagwada pakhonde, nkhope ili pafupi ndi matabwa, ngati mlenje wotsata nyama. Kenaka anandikodola.

"Ba neba, onani tumaenje utu."

Patsogolo pa phazi lililonse panali kadzenje kozungulira, kakang'ono ngati chitsekero cha botolo. Anali atatuona tsiku loyamba lomwe, koma sanatusamale. Inali ndodo. Gogoyo akamayenda amayamba waponya ndodo patsogolo, kenaka phazi lina, kenaka linzake n'kudzaima pambali pake. Pa masitepe aja ndodoyo inalibe pofikira.

"Zaka zonse izi pa Intercity," anatero mwakachetechete, "sin'nasiyepo katundu ya munthu pansi. Lelo nasiya ndodo."

Anazula masitepe onse. Matabwa otsala anali ochepa, misomali inali itatha, ndipo ine ndinapatsidwa ntchito yowongola yakale pa mwala, n'kumaipereka pamwamba pa mpanda. Sitepe iliyonse inakula kuwirikiza kawiri, moti yomaliza inakathera pafupi ndi mzere woyamba wa chinangwa. Chogwirira anachipanga ndi mtengo wa bulugama, nachipala ndi phale la botolo kuti chisalase dzanja. Dzuwa likulowa anali akukhoma msomali womaliza.

Reuben anafika Loweruka m'mawa, ali ndi matikiti awiri a basi ya masana. Chola chinali kale pabalaza. Banakulu Besa ananena kuti sangachoke osatsanzikana ndi chinangwa chawo, ndipo anatuluka pakhonde. Ba Saul anapita kukaima pafupi ndi mpanda wanga, atafulatira monga mwa mwambo. Ine ndinkaona zonse, iwo ankangomva.

Ndodo inagogoda, go. Phazi linatsatira, kenaka linzake. Ndinaona milomo ya Ba Saul ikuwerenga. Pa sitepe yachinayi panakhala chete kwa nthawi yaitali, ndipo khosi la Ba Saul linayamba kupotoka, koma analibweza. Gogoyo ankangopuma. Ndodo inagogodanso, n'kugogodanso, kenaka inalowa m'dothi mopanda phokoso.

Anathyola masamba odzaza chitenje, nakhala pa sitepe yomaliza, naitanitsa mtondo.

"Mayo," anatero Reuben kwa mayi ake, "basi inyamuka fotini awazi. Siyembekeza munthu."

"Nayenso katapa sathamangira basi. Winifred, bweretsa nsinjiro."

Pusi anabwera kudzadzikhula pa miyendo yawo, monga wodziwa kuti pali uthenga. Gogoyo anamukankha ndi ndodo.

"Choka iwe, ntchito yako yatha." Kenaka anakweza mawu. "Tata, bashi Besa, tembenukani."

Ba Saul anatembenuka pang'onopang'ono, nagwada, nawomba m'manja, maso ali pansi.

"Chogwirira chanuchi chili ndi msomali wotuluka apa. Undibaya mawa ndikamatsika. Mukonze, kenaka musambe m'manja. Lero mudya za mu mphika mwanga, ndipo za mwambo uja tikambirana ndi alamu anuwa asanapite."

Reuben anakwera basi yekha tsiku lotsatira, atanyamula katapa wa m'kontena. Za msomali uja, ndiyenera kuchitira umboni kuti Ba Saul, amene anakhoma khonde lonse osaphonya, anauphonya katatu, chifukwa apongozi awo anali atakhala pomwepo akuwayang'ana.