Chitseko cha a Likoswe

Lachiwiri m'mawa ndinaona chitseko chikuyenda mumsewu wathu ku Ndirande kuno. Ndinali pakhonde, magalasi ali pamphuno, ndikulimbana ndi buku lina lopanda chikuto lomwe ndinagula kumsika. Nditadzutsa mutu ndinangoona chitseko chobiriwira chikutsetsereka, miyendo iwiri ili pansi pake. Chinali cha a Likoswe, omwe amachita lendi mumdadada wa kuseri kwathu. Miyendoyo inali ya eni nyumba, a Gondwe.

Inu a kumayadi mwina simudziwa. Kuno mwini nyumba akatopa nawe sapita kukhoti. Amangobwera, n'kumasula chitseko, n'kupita nacho kwawo. Sakutukwana, sakukhudza. Amasiyira mphepo, agalu ndi akuba kuti amalize nkhaniyo.

Musaganize kuti a Likoswe analephera lendi. Chiwachotsereni ntchito kufakitale ya nsalu, muja makampani anayamba kuchepetsa antchito, amakonza maambulera pasiteji ya minibasi, akazi awo n'kumagulitsa mandasi. Mwezi ukatha amalipira. Koma a Gondwe apeza munthu wofuna kuika vidiyo m'chipindamo, yoti anthu azilipira pakhomo. Ndipo vidiyo imalipira bwino kuposa nkhalamba ziwiri.

Ndinavala jekete n'kuwalondola a Gondwe. Munthu woti wawerenga kabuku ka malamulo atsopano a dziko lino mpaka masamba kuthothoka sangakakambe mlandu atavala malaya okha.

"A Gondwe, nthawi ino ndi ya matipate," ndinayamba. "Kuli ufulu wachibadwidwe."

"Mwadzuka bwanji kaye, aphunzitsi?" anatero. Amanditcha choncho pondiseka, poti amadziwa kuti sukulu ndinalekezera Sitandade 6. "Ufuluwo ndaumva pawailesi. Inenso ndili nawo kapena ndi wa alendi okha? Ndagwira m'boma mpaka imvi, penshoni yake sigula ndi thumba la simenti lomwe. Nyumbazi ndiye munda wanga. Ndinawauza mwaulemu nthawi yozizira ija kuti afune kwina. Ngati mwawamvera chisoni, atengeni kwanu."

Ndinakhosomola. Kwathu ndi zipinda ziwiri, ana amagona mopingasa, ndipo malo otsala anatenga mabuku omwe mayi a kunyumba amati ndi hotela ya mphemvu. Jekete ija inayamba kunditentha.

Ndinapeza a Likoswe atapachika chiguduli pakhomo. Anali pampando, ambulera yothyoka ili pamiyendo, akazi awo akukanda ufa wa mandasi m'beseni ngati palibe chachitika. Kofuna chipinda china anali atazungulira kale, ku Mbayani, ku Chilomoni, ku Zingwangwa. Kulikonse lendi yake inali yoti munthu wa maambulera angotsanzika. Ndiye ine, ndi kuwerenga kwanga konse, ndinanena zomwe aliyense amanena.

"Bwanji osangopita kumudzi, achimwene?"

"Mudzi uti, aphunzitsi?" anafunsa osakwiya. "Bambo anga anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki asanakwatire n'komwe. Ine mchombo wanga unagwera kuseri kwa msika uko. Manda a makolo anga ali konkuno. Ndikauze kondakitala kuti anditsitse pati?"

"Kwathu ku Thyolo kulipo," anatero mayi Likoswe, "koma kamundako abale anga akuchita kugawana mizere. Ndikafike lero ndi mkamwini wa imvi? Alima pati, padenga?"

Anaseka onse awiri. Ine sindinathe.

Chichokereni pamenepo mawu anga aja akundiyabwa m'kamwa. Taganizani, abale anga. Munthu akachotsedwa ntchito timati apite kumudzi. Akadwala osachira, kumudzi. Mwamuna akamwalira, mayi ndi ana tawakweza kale lole ya kumudzi maliro asanazizire. Abwana amatero, ampingo amatero, m'maofesi amatero, inenso Lachiwiri ndinatero. Mudzi ndiwo penshoni yathu, ndiwo chipatala chathu, ndiwo nyumba ya okalamba. Chifukwa cha mawu amenewa palibe amene amadzimva kuti munthu wosowa pogona m'tauni ndi udindo wake.

Kale mwina zinkatheka. Aliyense m'tauni anali mlendo, sutikesi ili pansi pa bedi, mtima uli kwawo. Nanga lero? Amene anabadwira ku Ndirande, ku Bangwe, ku Machinjiri amera imvi ali komweko. Kwawo ndi kuno. Ndiye tikamawauza kuti apite kwawo, tikuwatuma kuti?

Pamisonkhano ya kampeni tinamva zambiri zothetsa umphawi, ndipo ndinaomba nawo m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Sindikumbuka aliyense akutchula chipinda chimodzi cha malata chomwe wokonza maambulera angakwanitse. Nyumba zobwereketsa za boma, anthu amalembetsa ali anyamata n'kudzapuma ntchito akudikirabe. Otopa kudikira akukwera phiri, kukamanga pamalo oti ngakhale mbuzi imayamba yaganiza kaye. Mvula ikadzakokolola tidzati anali osamva.

A Gondwe sindiwada. Nawonso atapuma ntchito anauzidwa kuti abwerere kumpoto, kumudzi komwe anachokako ali ndi kabudula wa sukulu. Anakana, n'kumanga mdadada uja kuti asafe ndi njala. Wosauka akuchotsa chitseko cha wosauka mnzake, enafe tili pakhonde kuonerera.

Loweruka chiguduli chija chinatsika. Katundu yense anakwana pawilibala. Mayi Likoswe apita kwa mng'ono wawo ku Bangwe, kokagona pabalaza ndi ana, komwe malo a mwamuna kulibe. A Likoswe alandiridwa ndi a Yusufu a golosale, kuti azigona pakhonde la sitolo n'kumayang'anirako.

Ndinawaperekeza kusiteji. Bulangete labwino anali nalo limodzi lokha.

"Tengani ndinu, mayi. Ku Bangwe kumazizira," anatero a Likoswe.

"Ine ndikagona m'nyumba. Inu pasimenti, ndi chifuwa chanucho?"

"Ndati tengani. Musandichititse manyazi pamaso pa aphunzitsi."

Mayiwo anatenga, n'kukwera. Minibasi itangoyamba kuyenda, bulangete lija linatulukira pawindo n'kugwera pafumbi. A Likoswe analitola, analikutumula, n'kuima akuyang'ana msewu mpaka minibasi inakhota.

Anthu awiriwa akhala limodzi kuyambira ine ndisanamere ndevu. Sanakangane, ankhoswe sanaitanidwe, palibe wamwalira. Tandiuzani, ukwati wotere timati wathetsa ndani?