Ba Zulu pa Chilumba cha Crete

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kutchalitchi. Tikutuluka m'mapemphero, Ba Mwanza, mayi wa kaofesi kogulitsa matikiti a ndeke pafupi ndi siteshoni ya njanji ku Kafue, anandifunsa ngati ndimadziwa kompyuta. Lolemba ndinayamba.

Munali makompyuta awiri ndi pulinta yovutavuta. Ine ndinkafufuza ndeke, kulemba dzina la munthu ndendende monga lilili m'pasipoti, ndi kuona ngati nthawi yosinthira ndeke ikwanira munthu ndi katundu wake. Ba Mwanza anali aukali, ukalakwitsa chilembo chimodzi unkamva. Koma ntchito, eeh, ankaidziwa mayi uja!

Tsiku limene sindiliiwala linali Lachisanu. Ba Zulu, mdala wopuma pantchito ya njanji, anali ku Greece pachilumba cha Crete ndi gulu la kutchalitchi. Mwana wawo wamkazi ankagwira ntchito m'hotela pachilumba china, cha Rhodes, ndipo ankakwatiwa Loweruka. Womupereka anali bambo akewo. Pandeke ndi ulendo wa ngati ola limodzi, tikiti tinali titawadulira kale.

Cha m'mawa foni inalira. Ba Zulu anati ndeke yawo yaimitsidwa, ndipo ina yolunjika ku Rhodes kulibe mpaka ukwati utapita. Ba Mwanza anakoka mpando, nayamba kufufuza zodzera ku Athens, likulu la dzikolo. Anapeza ya masana yopita kumeneko, ndi ina yamadzulo yopita ku Rhodes. Mipando inali pafupi kutha.

Mdala anakana. "Iwe mayi, Rhodes ili pafupi pomwepa! Ndipitirenji kutali konseko? Ndidikira, mwina aikonza."

Ndinkaganiza kuti Ba Mwanza akalipa. Ayi ndithu. Anatsitsa mawu.

"Atate, mawa mwana wanu adzayang'ana pakhomo la tchalitchi. Mukufuna adzaone ndani?"

Mdala anati, "Dulani, mayi."

Ba Mwanza sanaike foni pansi. Anawatsogolera mdalayo pafonipo mpaka pakauntala ya pabwalo la ndeke, anawauza kuti aonetsetse kuti pakapepala komata pachikwama palembedwa Rhodes, osati Athens, anawawerengetsa nambala ya geti yokwerera ndeke kawiri. Ine ndinaimbira mkwatibwi, amene ankangolira. Tsiku limenelo sitinadye. Ulendo wa ola limodzi unawatengera tsiku lonse, koma dzuwa litalowa uthenga unafika kuti atsika ku Rhodes.

Atabwerako, Ba Zulu analowa mu ofesi, anavula chipewa, nagwira dzanja la Ba Mwanza ndi manja awiri. Ndinawanyadira abwana anga, mpaka misozi inalengeza.

Lero ndili ndi desiki yangayanga ku Lusaka. Munthu akandifunsa kuti malo akuti ndi akuti atalikirana bwanji, ndimamuuza. Koma ndisanadule tikiti ndimayamba ndafunsa kuti akumudikira ndi ndani, ndipo akachedwa ataya chiyani.