Dzanja la Edeltraud

Edeltraud Kretzschmar ndakhala ndikumuchitira nsanje, ndisakunamizeni, ndipo nkhani yake ndi dzanja basi. Anabadwira ku Pirna, mwana wa wophika buledi, sukulu sanapite nayo patali. Ku labu yathu ya zasayansi kuno ku Dresden anabwera kudzatsuka mabotolo.

Ine Heidrun Böttcher ndi amene ndimapanga timapepala tomva maginito. N'topyapyala kuposa khoko la anyezi. Ukamata kamodzi pachala n'kuyandikira maginito, nyale imayaka yokha. Kamodzi komweko kamandidyera masiku atatu. Tsoka lake, m'manja mwanga ndi mwathukuta, kapepala sikachedwa kumatuka.

Tsiku lina kutabwera wojambula zithunzi kudzajambula kapepala kali pachala, abwana athu a Dokotala Lommatzsch anayendera manja athu tonse ngati akusankha mbatata pamsika. Anaima pa Edeltraud.

"Mayi Kretzschmar, manja anuwa ndi ouma bwino. Tatibwerekani."

Kuchokera pamenepo dzanja lija linayenda, anthuni. M'magazini ndi lomwelo, pachikwangwani cha pakhomo ndi lomwelo, kuchionetsero ku Hannover mwini wake kukagona m'hotela. Ine mwini timapepala kumangotsala kuno, mtima ukuwawa.

Pa tsiku lake lobadwa ndinamugulira botolo la mafuta odzola, onona kwambiri. Ndinkadziwa chimene ndikuchita: dzanja lodzola silimata kanthu, ndiye ulemerero ukanathera pomwepo. Iye anathokoza, n'kuliponya m'kabati. Kuzizira kwa kuno kunkamung'amba zala mpaka magazi, koma mayi ameneyu osadzola, zaka zisanu ndi chimodzi.

Lachisanu lapitali Edeltraud anapuma pantchito. Titadya keke ndi khofi, anatulutsa botolo lija n'kulitsegula pamaso pa onse.

"Heidrun mnzanga, pa anthu onsewa ndiwe wekha unaona kuti manja angawa akuvutika," anatero uku akudzola pang'onopang'ono, misozi ili lengelenge.

Anthu anawomba m'manja, kuwombera ine. Ndinasowa poyang'ana.

Kenako a Lommatzsch anapukusa mutu. "Nanga dzanja lina tilipeza kuti?"

Manyazi onse aja anabalalika. Ndinatambasula langa mwamsanga, pafupi ndi mphuno yawo. Analiyang'ana, thukuta lili waliwali m'chikhatho, n'kundipatsa kansalu kopukutira.

"Mayi Böttcher, inu mutipangire timapepala tina tiwiri pofika Lachisanu likubwerali."