A Gwirani ndi Kalata ya Mwana Wawo

Dzina lawo lenileni linatsala pachitupa basi. Pachipatala cha ziweto aliyense amawatchula a Gwirani, chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi zitatu mawu amene akhala akuwamva ndi omwewo: "Gwirani apa! Gwirani miyendo! Gwirani bwino, aluma!" Galu akabwera wolusa, mbuzi ikabwera ikuphupha, mphaka akabwera ali m'thumba, amagwira ndi iwowa kuti adokotala abaye jekeseni. Akatha pamenepo amatsuka makola n'kukolopa. Chala chawo chimodzi n'chachifupi, nsonga yake inapita ndi galu wina wolondera sitolo. Ovololo yawo yabuluu, olo uichape katatu, imanunkhabe mankhwala a nkhupakupa.

Fungo limenelo ndi lomwe mwana wawo wamkazi ankathawa. Zaka zinayi zonse za kusekondale ankakwera pakaliyala ya njinga yawo, koma akafika pakona pamene amamata matayala, ankawagwira phewa.

"Ababa, ndisiyeni pompano."

A Gwirani sanafunsepo chifukwa. Ankangoponda pansi, mwana n'kutsika. Anzake akamufunsa za bambo ake, ankati, "Amagwira kuchipatala," n'kuthamangira nkhani ina.

Ndiye tamvani! Mtsikana yemweyo atakhoza mayeso, mtima wake unali pasukulu ya madokotala a ziweto. Fomu yofunsira malo inkafuna kalata ya tsamba limodzi yofotokoza munthu amene anamukopa kuti akonde ntchitoyi. Pansi pake dokotala wa ziweto ankayenera kusaina ndi kudinda, kutsimikiza kuti zolembedwazo n'zoona. Envulopu ifike kuofesi ya sukuluyo Lachisanu isanakwane folo koloko.

Nkhani anali nayo. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tsiku lina atawaperekera bambo ake chakudya chamasana, kunabwera chigalu chakuda chikuchucha dovu. Mwini wake ankakuwa kuti ndi chiwewe, achiphe msanga. A Gwirani anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuona kuti chikungopalasa kukamwa ndi phazi. Anavula sokosi, n'kuchimanga m'maso, akuchiyankhula chapansipansi ngati mwana wodwala malungo. Kenaka analowetsa dzanja n'kutulutsa fupa limene linapingasa kukamwa. Galu uja anamwa madzi theka la ndowa.

Analemba zonsezo bwinobwino m'Chingerezi chake cha mu kalasi. Anangosintha chinthu chimodzi. Paliponse pamene panayenera kukhala bambo ake, analembapo adokotala.

Lachisanu cha m'ma wani koloko anafika pachipatala paja atavala bulauzi yositidwa. Ankaganiza kuti adokotala, mayi wotanganidwa uja, angosaina osawerenga. Anawapeza m'chipinda chobayira, a Gwirani atakumbatira galu wofiira patebulo.

"Eee, mnzathu wam'tsogolo!" anatero adokotala, akuvula magolovesi. "Bweretsa kuno. A Gwirani, mvetserani zimene walemba mwana wanu. Ndikumasulirani."



Adokotala anayamba mwansangala. Anawerenga za dovu, za mwini galu wokuwa uja. Atafika pa sokosi anachedwetsa mawu. Anawerenganso mzere womwewo chamumtima, n'kukweza maso.

"Iwe, ine ndinavula sokosi? Chaka chimenechi ine ndinali ndisanabwere n'komwe pano. Ndipo dzanja langali m'kamwa mwa galu wa dovu? Ndilibe mtima umenewo ine."

Palibe anaseka. Galu yekha ndiye ankapumira m'mwamba. A Gwirani sanadzutse mutu. Ankangosisita khutu la galuyo ndi chala chachifupi chija, pang'onopang'ono.

"Anali ndani?" anafunsa adokotala, ngakhale maso awo anali kale pa ovololo yabuluu.

Mtsikana anaweramitsa mutu.

"Izi sindingadinde," anatero adokotala, n'kuika pepala patebulo.

Apo m'pamene a Gwirani anayankhula, mwaulemu ngati akupempha tchuthi.

"Adokotala, dindani chabe. Mwanayu sanalakwe, waganiza bwino. Kusukulu yaikulu ngati ija akawerenga kuti anaphunzira kwa wotsuka makola, amutenga? Dzina lanu ndiye lolemera. Ine zanga n'zogwira basi."

Bola akanamukalipira. Bola akanamumenya mbama pamaso pa adokotala. Koma ankamuikira kumbuyo, ndipo mawu awo analibe mkwiyo ngakhale pang'ono, ngati munthu amene anazidziwa kalekale, kuyambira pakona ya matayala paja. Mtsikana anatola pepala lake n'kutulukira khomo lakuseri, nkhope ikuyaka.

Kuseriko kuli makola asanu ndi limodzi ndi mpopi wodontha. Anakhala pandowa yovundikira n'kulira mpaka agalu onse anayamba kuuwa. Atatopa anayang'ana foni. Thu koloko inali itadutsa. Anang'amba tsamba m'kope lake, n'kulitsamiritsa pabondo.

A Gwirani anatulukira atanyamula tsache ndi fosholo, n'kuyamba khola loyamba ngati sakumuona.

"Ababa."

"Mayi," anavomera a Gwirani, mmene ankamutchulira mwana wawoyo.

"Za sokosi zija munaziphunzira kuti?"

Anaima, n'kutsamira tsache. "Palibe anandiphunzitsa. Ndinangoona kuti galu akaleka kuona, amayamba kumvetsera. Ukamuyankhula bwino amakukhulupirira." Anakanda m'mutu. "Komatu usalembe kuti sokosiyo inali yobooka. Amayi ako angandiphe."

Mtsikana anaseka mamina ali m'mphuno, manyazi n'kumugwiranso kuposa poyamba. Analemba mothamanga, zilembo zikupendama. Chiganizo choyamba chinali chakuti bambo ake amagwira ziweto ndi kutsuka makola, ndipo chala chawo chimodzi n'chachifupi. Chingerezi chake sichinakome ngati cha kalata yoyamba ija. Anafufuta pawiri.

Adokotala anawerenga ataimirira, osamwetulira. Anasaina, n'kumenya chidindo mwamphamvu.

"Kukutenga kapena kukusiya, zimenezo n'zawo," anatero. "Koma ichi ndiye ndadinda ndi mtima umodzi. Thamanga. A Gwirani, m'perekezeni, minibasi imuchedwetsa."

Panalibe nthawi yosintha zovala. A Gwirani anatulutsa njinga ali mu ovololo yomweyo, mabuti ali ndi madontho a m'khola. Mtsikana anakwera pakaliyala, envulopu ataipanikiza pachifuwa. Anapalasa mokhotakhota pakati pa magalimoto, msana wawo ukunyowa thukuta, fungo la mankhwala a nkhupakupa likumuwomba mwana kumaso.

Geti la sukulu linaonekera patali. Panali anyamata ndi atsikana ambiri onyamula maenvulopu, ena akutsika m'magalimoto a makolo awo. Pakati pawo anazindikira awiri a m'kalasi mwake, omwe aja ankawauza za kuchipatala.

Kutatsala kona imodzi, njinga inayamba kuchedwa. A Gwirani anaponda pansi, osacheuka.

"Tsikira pano, Mayi. Anzako angakuone."

Mtsikana anayang'ana phazi lawo lili pansi, mmene linkakhalira m'mawa uliwonse kwa zaka zinayi. Sanatsike. Anagwira ovololo ija ndi dzanja lonse.

"Palasani, ababa. Mpaka pageti."

"Ndi zovala zimenezi?"

"Nthawi ikutha, ababa. Palasani."

A Gwirani anabweza phazi papedulo.