Apampando Awiri m'Sitima Imodzi

Loweruka lina m'mawa, mu Disembala 1996, tinanyamuka pa siteshoni ya sitima ya Takoma ku Amereka, ine pakati, Mayi Mbewe uku, Mayi Gondwe uko. Onse awiri ankati ndiwo apampando a gulu lathu la amayi kutchalitchi. Chisankho chinathera m'phokoso, aliyense n'kupanga komiti yake, ndipo kagulu kathu kanatsala pang'ono kugawanika. Ine zinkandiwawa, chifukwa kunja kuno abale ako ndi omwewo.

Tikiti inali dola ndi masenti khumi. Aliyense anagula yake, poopa kuti wogulilidwa aoneka wachiwiri. M'sitima sankalankhulana. Uthenga wonse unkadzera mwa ine, chonsecho mawondo awo akugundana. Mandasi anga ankangonunkhira m'chikwama, poti m'sitima za Metro salola kudya. Mayi wina atationa nkhope anafunsa ngati tikupita kumaliro. Nditati tikupita kwa loya, anati n'chimodzimodzi.

Pa Metro Center tinasintha sitima, ndipo chakumasana tinafika ku Foggy Bottom, kwa loya uja, a Zulu a ku Zambia, omwe ankaphunzira zamalamulo payunivesite. Pofuna kutengerapo nzeru pa mkangano wathu, tinawafunsa zomwe Amereka amachita chigawo chimodzi chikatumiza magulu awiri a anthu osankha pulezidenti, lililonse likuti lenileni ndi ilo. Anati chigawocho chimayenera kuthetsa mkangano ndi malamulo ake nthawi isanathe. Zikakanika, nyumba ziwiri za malamulo zimakhala padera n'kuvota.

"Manje zikakana kumvana, amatenga gulu lamene gavanala, mkulu wa chigawo, anasainira. Gavanala wanu ni ndani?"

"Abusa," anayankha onse pamodzi, koyamba kugwirizana tsikulo.

Mayi Mbewe anatulutsa pepala la komiti yawo monyadira. Mayi Gondwe nawonso anatulutsa lawo. Abusa athu, munthu woopa amayi, anali atasainira onse awiri. A Zulu anadya mandasi awiri asanayankhe, kenako anati zikatero nalonso lamulo limachita chibwibwi.

Pobwerera, amayi aja anakhala mpando umodzi, mitu pamodzi, kugawana mawu okawauza abusa. Ine ndinaimirira njira yonse, wopanda ntchito, koma mtima uli m'malo. Ndinaphunzira kuti komwe lamulo lalephera, kukwiyira munthu mmodzi kumagwirizanitsa anthu. Gulu lathu silinagawanike. Mawa lake abusa anatumiza uthenga kuti chimfine chawagwira.