Debe la makala la ku Selukwe

Mpope wa m'komboni mwathu ku Selukwe unafa m'zaka zija za nkhondo ya ufulu. Ankati chitsulo chake sichikupezeka, maiko akunja atseka njira. Tinayamba kutunga kudamu la kuseri kwa mgodi, madzi ofiira, onunkha dzimbiri. Mwana wanga woyamba anali atangosiya bere, basi anayamba kutsegula m'mimba. Ine maso ali paliwombo lake, ndikuliona likulowa, likulowa, bambo ake ali pansi mumgodi, mayi anga ali kutali kumapulazi.

Amayi a khomo loyang'anana nafe, ochokera ku Mulanje, anabwera ndi debe la mafuta ophikira lotsuka bwino. Analiboola pansi ndi msomali, nayala kansalu, timiyala, makala osinja, mchenga pamwamba. Makalawo anati akhale a nkhuni, malasha a kampani ayi.

Ndinathira madzi, ndinatchera kapu. Zodontha zinali zakuda bii. Misozi inangotsika.

"Amayi, ndimwetse mwana inki?"

Anaseka mpaka kukhala pansi. "Iwe mwanawe, mpunga umaphika osatsuka? Taya, uthirenso."

Ndinataya, ndinathira, ndinatayanso. Kuda kunayamba kuchepa. Kenaka ndinaona kaduwa kojambulidwa pansi pa kapu, mbee, ngati mulibe kanthu. Ndinanunkhiza. Dzimbiri lija palibe.

"Usathamange, uwiritse kaye," anatero. "Makala amagwira fungo ndi litsiro, koma tizilombo ndi ntchito ya moto."

Bambo ake ataweruka anamwa, nayang'ana m'kapu, nayang'ana ine. "Mvura iyi waba kumayadi a azungu?" anafunsa, madzi akuwatchula m'chinenero cha kumeneko. Ndinaseka koyamba mlungu umenewo.

Mwana ndinkamumwetsa ndi supuni, pang'onopang'ono, phala lakenso la madzi omwewo. Thewera lililonse ndinkalimasula ndikupemphera. M'mawa wina ndinamasula, ndinapeza chimbudzi cholimba, cha munthu. Liwombo ladzaza, iye akundikoka mpango. Ndinathamanga osavala nsapato, mwana kumanja kuno, thewera kumanja uku, mpaka pakhomo paja. Ndinawapeza akumwa tiyi ndi anzawo a mvano.

"Amayi, taonani."

Anasuzumira onse, mmodzimmodzi, osanyansidwa. Wina anaimba kanthungululu.

"Zvakanaka, zili bwino, wachira mwamuna wathu," anatero amayi aja, akundilanda mwanayo. "Tsono chotsa izo apa, tikudya."